Kodi Wogula Chokoleti Ali ndi Mlandu wa Mwana wa M'munda wa Koko?



Mwezi wathawu, pamene tinkakonza makeke ogulitsa kuti tipeze ndalama zoyendera odwala, tinagula zitini ziwiri za ufa wa koko. Tili mkati mosakaniza, mtsikana wina wa m'kwaya amene ali pa sukulu ya ukachenjede anati, "Amayi, kodi mukudziwa kuti koko wambiri amalimidwa ndi ana, ndipo ena mwa iwo amachita kugulitsidwa ngati akapolo?" Mayi mmodzi, munthu wosapsatira mawu amene ndimamulemekeza kwambiri, anayankha kuti, "Mwana wanga, ine ndagula chitini m'golosale, sindinagule kapolo ayi. Mlandu wa ku Ghana undipeza bwanji ine ndili pa mbaula pano?" Tonse tinaseka. Makeke anapsa bwino ndipo anagulidwa onse. Koma ine nditafika kunyumba funso lija linakana kundichoka, ndipo ndakhala ndikulisinkhasinkha mpaka lero. Ndiloleni tsono ndilibweretse pa mphasa kuti tiliunikire limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kumene koko amachokera

Ambiri mwa ife sitinauonepo mtengo wa koko. Umamera m'madera otentha ndi amvula yambiri, ndipo zipatso zake, zazikulu ngati papaya wamng'ono koma za chigoba cholimba, zimabereka pa thunthu penipeni ndi pa nthambi zazikulu. Zikapsa amazidula ndi chikwanje kapena mpeni womangirira ku ndodo yaitali. Kenako amaziswa ndi chikwanje chomwecho, chipatso chili m'dzanja lina, n'kukolowola njere zokutidwa ndi zoyera zoterera. Njerezo amazivundikira ndi masamba a nthochi kwa masiku 5 mpaka 7 kuti zisase, n'kuziyanika padzuwa, n'kuzithira m'matumba a makilogalamu oposa 60. Ntchito yonseyi ndi ya manja. Palibe makina amene amaigwira.

Gawo lalikulu la koko wa dziko lonse lapansi limachokera m'maiko awiri oyandikana a kumadzulo kwa Africa, Côte d'Ivoire ndi Ghana. Olima ake ndi alimi ang'onoang'ono a minda ya mahekitala ochepa, anthu onga ife tomwe. Matumba aja amadutsa m'manja mwa ogula a m'midzi, n'kusakanikirana ndi a alimi ena zikwizikwi, n'kukakwera sitima za pamadzi ku Abidjan, San Pedro, Tema kapena Takoradi. Chokoleti chenicheni chimapangidwa makamaka ku Ulaya ndi ku America. Alimi ambiri a koko amakalamba osachilawa n'komwe.

Tisiyanitse zinthu zitatu

Pa nkhani yotereyi n'kosavuta kulankhula mokokomeza, ndipo kukokomeza kumapatsa wolakwa pothawira. Choncho tisiyanitse zinthu zitatu.

Choyamba ndi mwana wothandiza makolo ake. Tonsefe tinakula tikuweta mbuzi, kuingitsa mbalame m'mapira ndi kutunga madzi. Mwana amene waweruka ku sukulu n'kukatembenuza njere pa chiyanikiro akuphunzira moyo, ndipo palibe womuimba mlandu kholo lake.

Chachiwiri ndi ntchito yovulaza mwana kapena yomulanda sukulu. Kafukufuku amene bungwe la NORC la ku University of Chicago linatulutsa m'chaka cha 2020 anapeza kuti m'nyengo ya 2018 mpaka 2019 ana okwana 1.56 miliyoni ankagwira ntchito yosayenera msinkhu wawo m'minda ya koko ya maiko awiriwa: pafupifupi 790,000 ku Côte d'Ivoire ndi 770,000 ku Ghana. Mwa iwowa, 1.48 miliyoni ankagwira ntchito zoopsa monga kugwiritsa ntchito zikwanje, kusenza katundu wolemera, kuswa mphanje ndi kukhudzana ndi mankhwala opopera. Ochuluka mwa anawa amagwira m'munda wa makolo awo kapena wa achibale.

Chachitatu ndi ukapolo weniweni: mwana wochotsedwa kwawo mwachinyengo, wogwiritsidwa ntchito popanda malipiro, amene sangathe kuchoka ngakhale atafuna. Bungwe la Walk Free pamodzi ndi Tulane University linayerekeza m'chaka cha 2018 kuti ana pafupifupi 16,000 anagwiritsidwa ntchito yokakamiza m'minda ya koko ya maiko awiriwa pakati pa 2013 ndi 2017. Ena amachokera m'dziko momwemo, ena ku Mali ndi ku Burkina Faso, kumene munthu wolankhula bwino amafika pa siteji ya basi kapena pakhomo pa kholo losauka n'kulonjeza ntchito, njinga ndi ndalama zotumiza kumudzi.

Wina anganene kuti 16,000 ndi ochepa poyerekeza ndi 1.56 miliyoni. Zoona. Koma tayerekezani masukulu a pulayimale 16, iliyonse ya ana 1,000, yonse yopanda mwana ndi mmodzi yemwe. Mayi amene mwana wake ali mmodzi mwa iwo sawerengera mapelesenti.

Zimene namwino amaona

Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo ziwerengero ngati zimenezi sindiziwerenga ngati manambala ayi. Ndimaona mabala. Chikwanje chinasulidwira dzanja la munthu wamkulu. M'dzanja la mwana wa zaka 10 chimaterereka n'kutera pa msongolo kapena pa zala zogwira chipatso. Bala lodetsedwa ndi dothi, likachedwa kufika kuchipatala, limatukusira, ndipo ngati mwanayo sanalandire katemera likhoza kubweretsa kafumbata. Msana wa mwana umakhala usanakhwime, ndipo katundu wolemera wosenzedwa tsiku ndi tsiku amausiyira ululu wa moyo wonse. Mankhwala ophera tizilombo amalowa kudzera pakhungu ndi popuma, ndipo thupi laling'ono silichedwa kugonja: mutu, chizungulire, kusanza, kubanika. Kafukufuku uja anapeza kuti ana okhudzana ndi mankhwalawa anachuluka kuchoka pa 5 kufika pa 24 mwa ana 100 alionse m'zaka khumi zokha.

Makolo athu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Pa nkhani ya koko mwambiwu wachita kutembenuzika. Akudya zotsekemera ndi akuluakulu a kutali, koma wopotedwa m'mimba ndi mwana.

Malonjezo osakwaniritsidwa

Nkhaniyi si yachilendo kwa eni mafakitale. M'chaka cha 2000 kanema wina woonetsedwa ku Britain anaonetsa anyamata a ku Mali okhala ndi zipsera za zikwapu kumsana, opulumutsidwa m'munda wa koko ku Côte d'Ivoire. Chaka chotsatira aphungu a ku America anayamba kukambirana zoti pa chokoleti pazikhala chizindikiro chosonyeza kuti sichinapangidwe ndi akapolo. Makampani akuluakulu sanafune lamulo lotero, ndipo m'malo mwake mu September 2001 anasaina pangano lodzifunira okha, lotchedwa Harkin-Engel Protocol potengera maina a aphungu awiri, Tom Harkin ndi Eliot Engel. Analonjeza kuti pofika July 2005 adzakhala atakhazikitsa njira yothetsera ntchito zoipitsitsa za ana m'minda ya koko. Chaka cha 2005 chinafika, nthawi inasunthidwira ku 2008, kenako ku 2010. M'chaka cha 2010 lonjezo linachepetsedwa: tsopano anati adzachepetsa vutoli ndi magawo 70 mwa 100 pofika 2020. Chaka cha 2020 chinafikanso lonjezolo lisanakwaniritsidwe. Mwana amene anali ndi zaka 10 pamene pangano loyamba linkasainidwa anali atayandikira zaka 30, mwina ali ndi ana akeake m'munda womwewo.

Amuna ena a ku Mali anasumira makampani a Nestlé ndi Cargill m'khoti la ku America m'chaka cha 2005. Iwo anati anatengedwa ali ana, anagwiritsidwa ntchito maola ochuluka popanda malipiro, ankatsekeredwa usiku ndi kumenyedwa. Makampaniwo anakana mlandu. Patapita zaka 16, mu June 2021, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti mlanduwo sungapitirire pa lamulo limene anasumira, popeza zoipazo zinachitikira kunja kwa America. Onani bwino apa: khoti silinanene kuti amunawo ananama. Linangoti malo ake si ano. Ndi yankho lomwe lija la mnzanga wa pa mbaula, kungoti lavala mkanjo wa oweruza.

Zifukwa zitatu zodzikhululukira

Tsono tibwerere ku funso lathu. Ndikamva anthu akukambirana nkhaniyi ndimamva zifukwa zitatu, ndipo chilichonse chili ndi kachoonadi kake.

Choyamba ndi chakuti "sindinkadziwa." Ichi n'chomveka, ndipo munthu amene sanamvepo sitingamuimbe mlandu. Koma kusadziwa kuli pawiri. Pali kusadziwa kwa munthu amene sanauzidwe, ndipo pali kusadziwa kwa munthu amene wasankha kusafunsa chifukwa akuopa yankho. Munthu akakugulitsani njinga yatsopano usiku pa mtengo wa nkhuku, simungadzauze apolisi kuti simunadziwe kuti ndi yakuba. Kutsika mtengo komweko kunali kukuuzani. Kafukufuku wa Cocoa Barometer wa 2015 anasonyeza kuti pa K100 iliyonse imene wogula amalipira pa chokoleti, yofika kwa mlimi sinkakwana K7. Kafukufuku wina amene bungwe la Fairtrade linatulutsa mu 2018 anapeza kuti mabanja ambiri olima koko ku Côte d'Ivoire ankapeza ndalama yosakwana dola imodzi pa munthu pa tsiku. Mlimi wotereyu sangathe kulemba waganyu wamkulu. Watsala ndi mwana wake, kapena mwana wa wina wotsika mtengo kuposa wake. Chinthu chikatsika mtengo modabwitsa, ndiye kuti pali wina amene walipira gawo lotsalalo, ndipo pa nkhaniyi walipira ndi msana wake ndi sukulu yake.

Chachiwiri ndi chakuti "ndili kutali, ndipo pakati pa ine ndi mwanayo pali anthu ambiri." Ichinso n'choona, ndipo chikutiphunzitsa kuti milandu siilingana. Wozembetsa mwana ali ndi mlandu waukulu koposa. Kampani imene imapanga phindu la mabiliyoni, imene ili ndi mphamvu yokweza mtengo wogulira ndi yofufuza kumene katundu wake akuchokera, ili ndi mlandu waukulu kuposa mlimi wosauka. Maboma amene amatolera msonkho wa koko koma osamanga masukulu okwanira kumidzi ali ndi gawo lawo. Mayi wogula chitini chimodzi pa chaka ali kumapeto kwenikweni kwa mzerewu, ndipo gawo lake ndi laling'ono. Koma taonani chimene chimachitika aliyense akanena kuti gawo lake ndi laling'ono. Mlimi akuloza wogula wa m'mudzi, wogulayo akuloza kampani yotumiza kunja, iyo ikuloza fakitale, fakitale ikuloza sitolo, sitolo ikuloza ife ogula amene timafuna zotsika mtengo, ife tikuloza mlimi. Chala chazungulira bwalo lonse, aliyense wasamba m'manja, koma mwana uja akadali ndi chikwanje. Mlandu ukagawidwa pakati pa anthu ambiri sutha ayi, umangovuta kuuona.

Chachitatu ndicho cholemera koposa: "mwanayo akapanda kugwira ntchito adzafa ndi njala." Ife amene timaudziwa umphawi sitingachipeputse chifukwa chimenechi. Kholo la ku Burkina Faso limene lalola mwana wake kupita silimuda mwanayo. Nkhokwe yatha ndipo laona ngati kumeneko kuli mpumulo. Koma tikumbukire nkhani ya Yosefe ndi abale ake m'buku la Genesis. Mmodzi mwa abalewo anaganiza kuti kumugulitsa mnyamatayo n'kwabwino kusiyana ndi kumupha, ndipo kunena zoona kugulitsidwa kunamusiyira moyo. Koma ndani anganene kuti anachita chilungamo? Amene anamuponya m'dzenje ndi omwewo amene anadzitama kuti amupezera njira yabwinoko. Umphawi wa mlimi wa koko sunagwe ngati mvula. Umachokera pa mtengo umene amalandira, ndipo mtengowo amaukonza ndi anthu. Sitingamusaukitse munthu, kenako n'kugwiritsa ntchito usiwa wakewo ngati chilolezo chodyera thukuta la mwana wake. M'nkhani ya Yosefe muli kanthu kena kamene kamandibaya mtima nthawi zonse: atamuponya m'dzenje muja, abale ake anakhala pansi n'kuyamba kudya. Sanali zilombo. Anali anthu anjala amene anapeza njira yoti kulira kwa mwana kusawasokonezere chakudya.

Anthu abwino nawonso anachedwa

Tisaganize kuti vutoli limagwira anthu oipa mtima okha. Banja la Cadbury ku England linali la Akhristu a mpingo wa Quaker, otchuka posamalira antchito awo. M'chaka cha 1901 William Cadbury anamva kuti koko amene ankagula ku zilumba za São Tomé ndi Príncipe ankalimidwa ndi anthu ogwidwa ku Angola, osainitsidwa mapangano a zaka 5 koma osabwereranso kwawo. Anatumiza munthu wokafufuza, anakambirana ndi boma la Portugal, analemba makalata, ndipo ankakhulupirira kuti akapitiriza kugula adzakhala ndi mawu okonzera zinthu. Anasiya kugula mu 1909, patatha zaka 8. Nyuzipepala ina itawanena kuti ndi achiphamaso, anaisumira ndipo anapambana mlandu, koma chipukuta misozi chimene anapatsidwa chinali farthing imodzi, kakobiri kochepetsetsa ka nthawi imeneyo. Anthu anamva uthenga wake: simunaname, koma munachedwa.

Ifenso a mpingo wa Anglican nkhani ya ukapolo imatikhudza mbali ziwiri. Timanyadira, ndipo n'koyenera, kuti mpingo wathu unafika m'dziko muno polimbana ndi malonda a akapolo. Mu July 1861 David Livingstone ndi anzake anamasula anthu 84 omangidwa m'magoli pa mudzi wa Mbame, ndipo anthu amenewo ndiwo anali chiyambi cha mishoni ya Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero. Makolo athu ena anawoloka nyanja pa Nkhotakota ali m'maunyolo, ulendo wa ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo tchalitchi chachikulu cha ku Zanzibar chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo. Koma palinso mbali ina. Bungwe la mishoni la SPG, limene linaphatikizana ndi UMCA mu 1965, linalandira minda ya nzimbe ya Codrington ku Barbados mu 1710 ndipo linasunga akapolo kumeneko zaka zoposa 100, ena mpaka kuwadinda chizindikiro cha bungwelo pachifuwa ndi chitsulo chamoto. Ndalama za shuga ameneyo zinkathandiza ntchito ya mpingo. Mpingo wa ku England unapepesa mu 2006. Anthu amene ankawerengera ndalamazo ku London ankapemphera m'mawa ndi madzulo ngati ife. Chimene chinawasowa si mapemphero ayi, koma kulimba mtima kofunsa kuti ndalamazo zikuchokera pa msana wa yani.

Ndipo amene anafunsa funsolo mwamphamvu anali amayi. M'chaka cha 1791 anthu pafupifupi 300,000 a ku Britain anasiya kugula shuga wolimidwa ndi akapolo, ndipo popeza wogula za kukhitchini ndi mayi, nkhondoyo inamenyedwera kukhitchini. Mu 1824 mayi wina wa ku Leicester, Elizabeth Heyrick, anatsutsa atsogoleri aamuna amene ankati ukapolo uthe pang'onopang'ono. Iye anati uthe msanga, ndipo ankayenda khomo ndi khomo kuchonderera mabanja kuti asiye shuga ameneyo. Amayiwo analibe mphamvu yoponya voti, koma anali ndi dengu logulira zinthu ndi pakamwa. Lamulo lothetsa ukapolo m'maiko olamulidwa ndi Britain linadutsa mu 1833.

Kodi tisiye chokoleti?

Apa ndiyenera kunena mosamala. Shuga wa nthawi ija ankachokera m'minda ya eni akapolo olemera, ndipo kusiya kugula kunkapweteka iwowo. Koko wa lero amachokera kwa mabanja osauka mamiliyoni, ambiri mwa iwo osasunga kapolo aliyense. Dziko lonse litasiya chokoleti mawa, woyamba kugona ndi njala ndi mwana yemwe uja tikufuna kumuteteza. Choncho ine sindikuona kuti kusiya ndiko yankho. Kusiya kungatiyeretse m'manja ife, koma cholinga si manja athu ayi, cholinga ndi mwanayo.

Zimene zaoneka kuti zimathandiza ndi zodziwika: mtengo wabwino kwa mlimi, sukulu yapafupi yokhala ndi aphunzitsi, anthu oyendera mabanja n'kuwathandiza m'malo mongowaopseza, ndi malamulo okhala ndi mano. Kafukufuku wa NORC uja anapezanso nkhani yabwino, yakuti ana opita ku sukulu m'madera a koko ku Côte d'Ivoire anachuluka kuchoka pa 58 kufika pa 80 mwa 100 alionse. Mu 2019 maboma a Ghana ndi Côte d'Ivoire anagwirizana kuti ogula aziwonjezera madola 400 pa tani iliyonse kuti mlimi apezeko bwino. Mu 2024 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa katundu wopangidwa ndi ntchito yokakamiza, loyenera kuyamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2027. Zonsezi sizinabwere chifukwa cha chifundo cha makampani. Zinabwera chifukwa anthu wamba, mipingo, atolankhani ndi mabungwe a alimi anakana kukhala chete. Zizindikiro monga cha Fairtrade ndi cha Rainforest Alliance zimene zimaoneka pa mapaketi ena si umboni wotheratu wakuti palibe mwana anavutika, koma zimasonyeza kuti pali wina amene akuyesa kuyang'ana, ndipo zimenezo zikuposa kusayang'ana n'komwe.

Bala limene ndinamanga

Tsopano ndiulule chimene chinachititsa kuti funso la pa mbaula lija lisandichoke. Zaka zambiri zapitazo, ndikugwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi kufupi ndi minda ya fodya, anabwera ndi mnyamata wa zaka ngati 11 ali ndi bala la chikwanje pa mwendo. Balalo linali litatha masiku angapo ndipo linkanunkha. Bambo amene anabwera nayeyo ndiye ankayankha funso lililonse. Nditafunsa dzina la mwanayo anayankha ndi iye. Nditafunsa kwawo anayankha ndi iye. Nditafunsa za amayi ake anati, "Ndi mwana wa mlongo wanga, ndikumusunga ine." Mnyamatayo anangoyang'ana pansi, ndipo pamene ndinkatsuka balalo analira m'chinenero chosiyana ndi cha bamboyo. Ndinazindikira. Koma panja panali mzere wautali wa odwala, ndinali nditatopa, ndipo ndinadziuza kuti ntchito yanga ndi bala, za m'banja la eni si zanga. Ndinamanga balalo bwinobwino, ndinamubaya jakisoni, ndinawauza kuti abwerenso pakapita masiku atatu. Sanabwerenso. Sindinamugulitse mwana ameneyo, sindinamuteme, ndipo ndinamuthandiza monga mwa ntchito yanga. Komabe mpaka lero ndimadziwa kuti ndinamulakwira, chifukwa panali funso limodzi lotsala ndipo ndinasankha kusalifunsa.

Ndiye chifukwa chake, amayi anzanga, sindingathe kuloza chala ku Abidjan n'kuiwala pakhomo pathu. Mu November 2019 dziko la America linayamba kuimitsa fodya wochokera ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo yathu inathetsa dongosolo la matenanti. Lamulo lathu la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kuyambira 2015 tili ndi lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Koma woyendera za ntchito safika kukhitchini kwathu. Ndi angati mwa ife amene tinatenga kamtsikana kumudzi ndi lonjezo lakuti tidzakaphunzitsa, lero ndiko kamene kamadzuka 4 koloko kukoleza moto, kusambitsa ana athu, kuwaperekeza ku sukulu, iko n'kubwerera kukachapa? Timati tikukathandiza chifukwa kwawo n'kosauka. Mlimi wa koko amene wasunga mnyamata wa ku Mali amanenanso chimodzimodzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mwambiwu timaukonda pa maukwati ndi pa zinamwali, koma umayesedwa m'mawa pamene ana ena avala yunifolomu ndipo mmodzi watsala ndi tsache.

Yankho langa

Tsono kwa mnzanga wa pa mbaula ndikuyankha motere. Munanena zoona, amayi, simunagule kapolo. Kugula chitini cha koko si tchimo, ndipo musataye makeke. Koma kuyambira tsiku limene mtsikana uja anatiuza, inu ndi ine sitilinso m'gulu la osadziwa. Mlandu wa wogula suli pa kugula. Umayamba pamene wamva, n'kusankha kuti asamvenso.

Gawo lathu ndi laling'ono, choncho tilichite lonse. Pamene pali mwayi wosankha ndipo thumba likulola, tisankhe katundu amene akusonyeza kumene wachokera. Ana athu amene ali ku Britain, ku South Africa ndi kwina, amene amatibweretsera chokoleti pa Khrisimasi, ali pafupi ndi masitolo ndi makampani amene amamva madandaulo a ogula: tiwauze nkhaniyi kuti azifunsa ndi kulemba makalata. Bungwe lathu la amayi lili ndi mamembala ku Ghana ndi m'maiko ena ambiri, ndipo nkhaniyi tikhoza kuipereka kwa atsogoleri athu kuti ikambidwe pamene amayi a maiko onse akumana. Koposa zonse, m'nthambi iliyonse tikhale pansi tiwerengane: m'nyumba zathu ndi za oyandikana nafe muli ana angati a msinkhu wa sukulu amene sali pa sukulu chifukwa akugwirira ntchito wina? Ngati ali m'nyumba mwathu, alembetsedwe sukulu teremu ikubwerayi, ndipo ntchito yolemera tilembere munthu wamkulu n'kumulipira moyenera. Ngati tikukayika za mwana wina, tifunse funso lachiwiri lija limene ine ndinalephera kufunsa, ndipo tikauze a ofesi ya zachisamaliro cha anthu, amfumu kapena apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa.

Mtsikana wa m'kwaya uja tinamuseka tsiku lija. Pa msonkhano wathu wotsatira ndapempha kuti apatsidwe mpando ndi nthawi, atifotokozere zonse zimene anaphunzira, ndipo ife akuluakulu tikhale chete timvetsere.

Ambuye akusungeni inu ndi ana onse amene ali pansi pa denga lanu, obereka nokha ndi obereka anzanu.